ZOLEMBA ZAULERE ZILI NDI ENI AKE

M'mwezi wa Novembala chaka cha 2019, nthumwi za maiko a m'bungwe la UNESCO zidasonkhana mumzinda wa Paris ndi kumanga mfundo yakuti maboma alimbikitse mabuku ndi zipangizo zina zophunzitsira zimene munthu aliyense angathe kuzikopera, kuzisintha, kuzimasulira ndi kuzigawa popanda kulipira mwini wake. Dziko lathu lidalowa m'bungwe limeneli chaka cha 1964, chaka chomwe tidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo kwa ife amene tidziwa mmene ana angapo amagwirizira buku limodzi m'kalasi, mfundo imeneyi ndi uthenga wabwino ndithu. Lero lino mphunzitsi amene ali ndi lamya ya m'manja angathe kupeza pa intaneti nthano, zithunzi, mapu ndi maphunziro a masamu zimene eni ake adazitsegulira anthu onse.

Koma ife a nyuzi ino taona kuti n'kofunika kuchenjeza awerengi athu, makamaka aphunzitsi, olemba mabuku ndi osindikiza, za msampha umene watcheredwa m'njira imeneyi. Ambiri akamva kuti chinthu n'chaulere amayesa kuti chilibe mwini, natola ndime kuno, chithunzi uko, nyimbo kwina, naziphatikiza m'buku limodzi monga munthu wotola nkhuni m'tchire. Tsono tsiku lina adzamva kuti buku limene adalikhetsera thukuta miyezi yambiri sililoledwa kugawidwa, chifukwa zimene adaphatikizazo zidabwera ndi malamulo otsutsana. Makolo adati safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani iyi kusafunsa kungathe kutayitsa ntchito ya chaka chathunthu.

CHILOLEZO CHILI NDI MALIRE AKE

Tiyambe ndi lamulo la umwini wa zolemba ndi zaluso. Munthu akangolemba nthano, kujambula chithunzi kapena kupeka nyimbo, ntchitoyo ndi yake, ndipo wina sangaikopere kapena kuimasulira popanda chilolezo chake. Kuno kwathu zimenezi zili m'lamulo la chaka cha 2016, limene lidalowa m'malo mwa lamulo la 1989, ndipo bungwe la COSOMA, limene lidayamba ntchito chaka cha 1992, ndilo limayang'anira zofuna za alembi ndi oimba. Umwini umenewu umakhalapo moyo wonse wa mlembi ndi zaka zina 50 iye atamwalira.

Chaka cha 2001 mphunzitsi wina wa malamulo wa ku America, Bwana Lawrence Lessig, pamodzi ndi anzake adakhazikitsa bungwe la Creative Commons, ndipo m'mwezi wa Disembala 2002 bungwelo lidatulutsa zilolezo zake zoyamba. Nzeru yake n'njosavuta kuimva. Mwini ntchito amasungabe umwini wake, koma amapachika chikalata pa ntchitoyo chouza munthu aliyense zimene angachite popanda kukagogoda pakhomo pake. Chikalatacho chimadziwika ndi zilembo zinayi. BY ndiye kuti utchule dzina la mwini ndi kumene watenga. SA ndiye kuti chimene wapanga kuchokera ku ntchitoyo uchitulutse ndi chilolezo chomwecho. NC ndiye kuti usachite nayo malonda. ND ndiye kuti uigawe monga ili, wosaisintha. Zilembo zimenezi zikaphatikizidwa zimabala zilolezo zisanu ndi chimodzi, ndipo kuyambira chaka cha 2009 palinso chikalata cha CC0, chimene mwini amasiyira ntchito yake anthu onse osafuna kanthu.

Chotero pamene anthu anena za zolemba zotseguka, akunena za zilolezo zosiyanasiyana, chilichonse ndi zofuna zake, ndipo vuto limayamba pamene ziwiri zakumana m'buku limodzi.

DENGU NDI MTONDO

Kuti timvetse bwino, tiganizire mayi amene wanyamula dengu limodzi m'mene muli chimanga cha mlamu wake ndi mapira a mchemwali wake, chilichonse chomangidwa m'kansalu kakekake. Dengulo ndi limodzi, koma mwini aliyense angathe kuloza chake ndi kunena zimene afuna kuti zichitike nacho. Koma mayiyo akatsanulira chimanga ndi mapira mumtondo umodzi nasinja, ufa umene utuluke sungagawikenso, ndipo mawu amene mlamu adanena pa chimanga chake ndi mawu amene mchemwali adanena pa mapira ake tsopano agwera pa ufa womwewo. Ngati mawuwo agwirizana, zili bwino. Ngati atsutsana, ufawo udzangokhala m'lichero wopanda woudya.

Zilolezo za Creative Commons zimasiyanitsa zinthu ziwiri zimenezi. Buku limene lasonkhanitsa nthano khumi, iliyonse yathunthu, yosasinthidwa, ndiponso yolembedwa dzina la mwini ndi chilolezo chake, lili ngati dengu. Nthano ya SA siikakamiza inzake kuti itenge chilolezo chake. Komabe tisaiwale kuti mukakhala nthano imodzi yokha ya NC, buku lonselo silingatengeredwe kumsika kukachita nalo malonda nthanoyo isanachotsedwe. Koma phunziro limene mlembi waluka ziganizo za anthu awiri pamodzi, kapena wafupikitsa, kapena wajambula pamwamba pa chithunzi cha wina, lili ngati mtondo, ndipo pamenepo zilolezo ziyenera kugwirizana.

Ntchito ya BY ingalukidwe ndi ntchito ya BY-SA, ndipo chotulukacho chiyenera kukhala cha BY-SA. Koma ntchito ya BY-SA siingalukidwe ndi ntchito ya BY-NC-SA, pakuti yoyambayo ilamula kuti chotulukacho chikhale chotseguka ngakhale kwa amalonda, pamene yachiwiriyo ilamula kuti amalonda asachikhudze. Palibe chilolezo chimodzi chimene chingakondweretse eni onse awiri, ngakhale kuti onsewo adali ndi mtima wopatsa.

Chilembo chimene chitikhudza koposa ife olemba m'Chichewa ndi ND. Pamaso pa lamulo, kumasulira ndi kusintha. Mphunzitsi amene wapeza nthano yokoma ya Chingerezi yokhala ndi chilembo chimenechi angathe kuikopera ndi kuigawa monga ili, koma akaimasulira m'Chichewa nagawira ana kumasulirako, wadumpha malire a chilolezo, pokhapokha atalembera mwini wake ndi kulandira yankho. Chilembo cha NC nachonso chili ndi zovuta zake, chifukwa mawu ake amaletsa ntchito imene cholinga chake chachikulu ndi phindu la malonda kapena kulandira ndalama, ndipo pakati pa kubweza mtengo wa pepala ndi kupeza phindu pali malo ambiri okanganirana. M'dziko limene ana ambiri amafikiridwa ndi buku losindikizidwa, limene wina ayenera kuligulira pepala ndi inki, nkhani imeneyi siyaing'ono.

ZIMENE ZIDAONEKERA ANZATHU

Wina asayese kuti amene amakodwa mumsampha umenewu ndi osaphunzira okha. Wikipedia, nkhokwe yaikulu ya nzeru ya pa intaneti, idayamba m'mwezi wa Januwale 2001, ndipo zolemba zake zidaikidwa pansi pa chilolezo chotchedwa GFDL, chimene bungwe la Free Software Foundation lidachikonza chaka cha 2000 kaamba ka mabuku ofotokoza mapulogalamu a kompyuta. Chilolezo chimenechi chidali ndi cholinga chofanana ndi cha BY-SA, koma ziwirizi sizidali kulolana, popeza chilichonse chidafuna kuti chotuluka chikhale pansi pa icho chokha. Kuwonjezera apo, GFDL idalamula kuti aliyense wokopera ndime, ngakhale yaifupi, asindikize pamodzi nayo mawu onse a chilolezocho, amene adali masamba angapo.

Alembi a Wikipedia adali ochuluka kotero kuti kufunsa mmodzimmodzi kudali kosatheka. Chidawapulumutsa n'chakuti m'mwezi wa Novembala 2008 eni chilolezo cha GFDL adachikonzanso, natsegula chipata choti ntchito zonga Wikipedia zisamukire ku BY-SA tsiku la 1 Ogasiti 2009 lisanafike. Alembi oposa 17,000 adaponya voti, pafupifupi 76 mwa 100 alionse adavomera, ndipo m'mwezi wa Juni 2009 Wikipedia idasamuka. Chaka cha 2023 idasamukiranso ku mtundu watsopano wa chilolezo chomwecho, wa 4.0. Wikipedia ya Chichewa ili pansi pa chilolezo chimenechi, kotero kuti aliyense woluka ndime zake m'phunziro lake ayenera kutulutsa phunzirolo ndi BY-SA.

Ojambula mapu a OpenStreetMap, ntchito imene Bwana Steve Coast adaiyambitsa ku Britain chaka cha 2004, sadapeze chipata chotere. Pamene adafuna kuchoka ku BY-SA kupita ku chilolezo china chotchedwa ODbL, adayenera kupempha wojambula aliyense kuti avomere. Ena adakana, ena sadayankhe, ndipo chaka cha 2012 zonse zimene anthu amenewa adajambula zidafafanizidwa. Pa dziko lonse lapansi zotayikazo zidali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100, koma maiko ena monga Australia ndi Poland adataya zambiri, ndipo ngakhale ntchito ya anthu amene adavomera idakhudzidwa pamene idamangidwa pamwamba pa ntchito ya wokana. Anthu adayenera kujambulanso misewu imene adaijambula kale. Ngati mabungwe aakulu chotere, okhala ndi odziwa malamulo, adavutika zaka zingapo, nanga kagulu ka aphunzitsi asanu kadzatani?

LAMULO LA KU AMERICA

Tsono pali ena amene, akaona kuti zilolezo zatsutsana kapena kuti ntchito imene aifuna ilibe chilolezo chotseguka, amathawira ku mawu akuti fair use. Mawu amenewa ndi a lamulo la dziko la America, ndipo tanthauzo lake ndilo kugwiritsa ntchito zolemba za wina mwachilungamo popanda kumpempha, monga pozitsutsa, pozifotokozera, pophunzitsa kapena polemba nkhani. Mizu yake ili pa mlandu wa chaka cha 1841 wonena za makalata a George Washington, umene adaweruza Joseph Story, ndipo chaka cha 1976 mfundoyi idalembedwa m'gawo 107 la lamulo la umwini la dzikolo. Woweruza amayesa zinthu zinayi: cholinga cha wotengayo ndi ngati wapanga chinthu chatsopano, mtundu wa ntchito imene watengako, kuchuluka ndi kufunika kwa gawo limene watenga, ndi ngati kutengako kwaononga msika wa mwini wake.

Awerengi athu aone kuti m'zinthu zinayi zimenezi mulibe chiwerengero. Nkhani imene imamveka yakuti munthu aloledwa kutenga mawu akutiakuti kapena gawo lakutilakuti popanda mlandu ilibe maziko m'lamulo limeneli. Chaka cha 1979 magazini ya The Nation idatenga mawu pafupifupi 300 m'buku la Gerald Ford, amene adali mtsogoleri wa dzikolo, bukulo lisanatuluke. Mawuwo adali ochepa zedi poyerekeza ndi buku lonse, koma adali onena za chifukwa chimene Ford adakhululukira Richard Nixon, ndiye kuti mtima weniweni wa bukulo, ndipo magazini ya Time, imene idagula mwayi wosindikiza gawolo poyamba, idakana kulipira ndalama zotsala zokwana madola 12,500. Chaka cha 1985 Bwalo Lalikulu la dzikolo lidagamula kuti The Nation idalakwa. Koma chaka cha 2021 Bwalo lomwelo lidagamula kuti kampani ya Google sidalakwe pamene idatenga mizere pafupifupi 11,500 ya pulogalamu ya kampani ya Oracle. Wotenga mawu 300 adagonja, wotenga mizere zikwi khumi ndi chimodzi adapambana, chifukwa mlandu uliwonse umayesedwa pawokha, ndipo yankho limadziwika pamene munthu waima kale pabwalo.

Pali chinthu china chimene osonkhanitsa mabuku ayenera kuchigwira ndi manja awiri. Ndime imene waitenga mwa njira imeneyi ikadali ya mwini wake, ndipo sungaipachike chilolezo chako, pakuti munthu sapereka chimene sichili chake. Ufulu umene udali nawo poitenga udachokera ku cholinga chako, ndipo sutsata ndimeyo kulikonse kumene ipita. Bwalo lomwelo lidaonetsa zimenezi chaka cha 2023 pa mlandu wa chithunzi cha woimba Prince, chimene Lynn Goldsmith adajambula chaka cha 1981 ndipo Andy Warhol adachisandutsa chithunzi chopaka utoto. Oweruza adayang'ana ntchito imodzi yokha, ndiyo kugulitsa chithunzi cha Warhol ku magazini chaka cha 2016, napeza kuti pa ntchito imeneyo chidapikisana ndi chithunzi cha mwini wake. Chotero mlembi angathe kukhala wolungama potenga ndime kuti aifotokozere, koma wina amene adzatenge buku lake lotseguka, nadula kufotokozerako nasiya ndime yokha, adzakhala pa mlandu pamene iye ayesa kuti chilolezo cha bukulo chamteteza.

Chifukwa cha zimenezi eni Wikipedia adamanga mfundo chaka cha 2007 yakuti zinthu zopanda chilolezo chotseguka zikhale zochepa ndi zodziwika bwino. Wikipedia ya Chingerezi imazilola pokhapokha chifukwa chake chitalembedwa pa chithunzi chilichonse, ndipo nkhokwe yawo ya zithunzi, Wikimedia Commons, siizilandira konse.

LAMULO LATHU NDI LINA

Chachikulu koposa n'chakuti lamulo la ku America limathera m'malire a dziko la America. Buku losindikizidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe lidzaweruzidwa ndi lamulo la Malawi. Dziko lathu lidalowa chaka cha 1991 m'pangano la maiko la Berne, limene lidayamba chaka cha 1886, ndipo gawo 10 la panganolo limalola kutenga mawu a wina pa zifukwa zomveka: ntchitoyo ikhale yoti idatulutsidwa kale kwa anthu mololedwa, kutengako kukhale kwachilungamo, kusapitirire muyeso wa cholinga chake, ndipo dzina la mlembi ndi kumene mawuwo achokera zitchulidwe. Lamulo lathu, monga malamulo a maiko ambiri, limatchula mwa maina ntchito zimene ziloledwa popanda chilolezo, ndipo munthu ayenera kuona ngati zimene achita zili m'gulu limenelo.

Kusiyana kumeneku sikwapakamwa pokha ayi, ndipo anzathu a ku South Africa angachitire umboni. Chaka cha 2017 kudabwera ku Nyumba ya Malamulo ya dzikolo bilo yofuna kulowetsa mfundo ya fair use m'lamulo lawo. Aphunzitsi ndi osunga nyumba za mabuku ambiri adaiyamikira, pamene osindikiza ndi alembi ambiri adaitsutsa poopa kuti idzawalanda chakudya pakamwa. Mtsogoleri wa dzikolo, Bwana Cyril Ramaphosa, adaibweza ku Nyumba ya Malamulo chaka cha 2020, ndipo aphungu ataivomerezanso chaka cha 2024 iye adaitumiza ku Bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko. Mfundo imene mtundu wathunthu udaikanganirana zaka zonsezi, munthu mmodzi sangangoitola pa intaneti ndi kuiyesa yake.

Komabe pali chitonthozo. Zilolezo za Creative Commons zimanena poyera kuti sizichotsa ufulu umene lamulo la dziko lidapereka kale. Ndiye kuti ngakhale ntchito ili ya ND kapena ya NC, mlembi angathe kutengako ndime yaifupi kuti aifotokozere kapena aitsutse, malinga atatsata muyeso wa lamulo ndi kutchula mwini wake.

ZOYENERA KUCHITA

Malangizo athu kwa onse ogwira ntchito imeneyi ndi awa. Choyamba, musankhe chilolezo cha buku lanu musanayambe kusonkhanitsa, kuti mudziwe zimene zingalowe mumtondo ndi zimene ziyenera kukhala m'kansalu kakekake. Chachiwiri, musunge kaundula wa chinthu chilichonse chimene mwatenga: mutu wake, dzina la mwini, kumene mwachipeza, chilolezo chake ndi nambala ya mtundu wake, ndi zimene mwasinthapo. Kaundula ameneyu amalembeka mosavuta pa tsiku lotenga, koma patapita chaka palibe amene adzakumbukire kumene chithunzi cha patsamba 40 chidachokera. Chachitatu, mawu a wina amene mwawatenga popanda chilolezo chotseguka muwaike m'zizindikiro zake, ndipo mulembe kumayambiriro kwa buku kuti chilolezo cha bukulo sichiwakhudza. Chachinayi, mukakayika, lemberani mwini wake kapena funsani a COSOMA, pakuti kalata imodzi n'njotsika mtengo kuposa kuchotsa mabuku m'masukulu. Ndipo mukazindikira kuti mwalakwitsa, konzani msanga: zilolezo za mtundu wa 4.0, zimene zidatuluka chaka cha 2013, zimabwezera ufulu kwa munthu amene wakonza cholakwa chake pasanathe masiku 30 chichizindikirire, pamene mitundu yakale ilibe chifundo chimenechi.

Kwa alembi athu amene afuna kutsegula ntchito zawo, ndi kwa mabungwe amene amalipirira mabuku a sukulu, tinena kuti aganizire bwino asanapachike NC kapena ND. Chilolezo cha BY ndicho chimene chimalukika mosavuta ndi zinzake, chimalola kuti buku limasuliridwe m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe kapena m'Chisena popanda kalata, ndipo chimasungabe dzina la mlembi pa tsamba lililonse limene ntchito yake yafika.

Boma lidachita mbali yake pamene lidakonzanso lamulo la umwini chaka cha 2016, ndipo maiko adatsegula njira chaka cha 2019. Yatsala ndi mbali ya ife eni, aphunzitsi, alembi ndi osindikiza, kuti tiwerenge chikalata chimene mwini ntchito wapachika tisanatambasule dzanja. Tikatero ana athu adzalandira mabuku ochuluka m'zinenero zawo, mabuku amene palibe adzawachotse m'manja mwawo, ndipo alembi, a kuno ndi a kutali omwe, adzapitiriza kupatsa podziwa kuti mawu awo alemekezedwa.